Musanagule pikapu, yambani mwaigogoda pansi pake

Chilimwe chathachi, anthu atangolandira ndalama za soya, bambo wina wa cha ku Chadiza anafika pagalaja yathu kuno ku Chipata ndi pikapu yoyera imene ankafuna kugula. Wogulitsayo anali nawo limodzi. Galimotoyo inkawala, injini inkalira bwino, ndipo pansi pake panali pakuda bii, penti wake wonyezimira. Bamboyo anati, "Mwananga, ungondimverera injiniyi basi, zinazi ndaona kale." Ndinawapempha kuti andilole ndiyambe ndalowa pansi. Ndinagona chagada ndi nyundo yanga yaing'ono n'kuyamba kugogoda chasisi, zitsulo zonyamula galimoto yonse, kuchokera kutsogolo. Kumeneko chitsulo chinkayankha bwino, ngwe, ngwe. Nditafika pamwamba pa tayala lakumbuyo, pafupi ndi pamene sipuling'i imagwira, kunangomveka phu, ngati ndikumenya chikuni chofumbwa. Ndinakankhapo sikuludiraiva, inalowa mpaka m'chigwiriro. Nditaizula, munatsika dothi lofiira ndi makoko a dzimbiri odzaza dzanja.

Bambo aja sanagule, ndipo ndinasangalala nawo. Injini ikafa mumagula ina, giyabokosi chimodzimodzi. Koma chasisi ndicho msana wa pikapu. Ndi zitsulo ziwiri zazitali zochokera kutsogolo mpaka kumbuyo, zolumikizidwa ndi zina zopingasa ngati makwerero, ndipo injini, kabu, bodi yonyamulira katundu, masipuling'i ndi chiwongolero zonse zimamangidwa pamenepo. Chitsulo chake si chochindikala monga ambiri amaganizira. Pa mapikapu ambiri n'cha mamilimita pafupifupi 3 okha. Dzimbiri likadyako theka, matumba a chimanga amene galimotoyo inkanyamula kale osadandaula amatha kuithyola pakati, makamaka pamene kabu imathera ndi bodi kuyambira.

Chimene ndimafuna wogula aliyense amvetse n'chakuti dzimbiri loopsa limayambira m'kati. Mbali yaikulu ya chasisi cha Hilux, Isuzu KB kapena Nissan Hardbody ili ngati paipi ya makona anayi, yotsekeka, yokhala ndi timabowo totulutsira madzi. Mukamayenda m'matope a dzinja, kaya ndi njira ya ku Vubwi kapena tinjira ta m'midzi ya ku Lundazi, madzi amatope amalowa pa timabowo timeneti. Madziwo amatuluka, koma dothi limatsalira, n'kutseka timabowo tija. Kunja kumauma pa tsiku limodzi ladzuwa, pomwe m'kati dothilo limakhala lonyowa kwa milungu. Chitsulo, madzi ndi mpweya zikakhala pamodzi, dzimbiri limayamba, ndipo limadya kuchokera m'kati kubwera kunja. Pamene bowo likuonekera kunja, ndiye kuti mozungulira monsemo chitsulo chapyapyala kale.

Ena amati kuno kulibe nyanja, ndiye dzimbiri lichokera kuti. N'zoona kuti mchere ndiwo umafulumizitsa dzimbiri kwambiri. Ku UK ndi kumpoto kwa Japan amathira mchere m'misewu nthawi yozizira kuti madzi oundana asungunuke, choncho galimoto yochokera kumeneko, kaya yalowera pa malire a Nakonde kaya a Chirundu, ikhoza kufika itayamba kale kudyeka. Vutoli si la galimoto zotchipa zokha. Mu 2016, Toyota inavomera ku America kuwononga ndalama zofika madola 3.4 biliyoni poyeza ndi kusintha machasisi a Tacoma, Tundra ndi Sequoia amene ankachita dzimbiri msanga. Koma nafenso tili ndi mchere wathu, ndiye fataleza. Thumba la Urea kapena D Compound likabooka m'bodi, timibulu take timagwera m'ming'alu, timakoka chinyontho, n'kusungunuka n'kudonthera pachasisi. Mkodzo ndi ndowe za nkhumba kapena mbuzi zopita nazo kumsika zimachitanso zomwezo. Pikapu zambiri zimene ndazipeza zitadyeka kumbuyo zinali za pafamu, zoti sizinaonepo chipale chofewa.

Poyeza, tengani tochi, nyundo yaing'ono ndi sikuludiraiva yolimba. Galimoto ikhale padzenje la galaja kapena pazitsulo zoimikira. Musalowe pansi pa galimoto yoimira jeke yokha, ndachonderera. Gogodani chitsulo chilichonse chachitali mbali zonse zimene dzanja lingafike, pansi pake makamaka, chifukwa m'pamene dothi limakhala. Chedwani pamene masipuling'i akumbuyo amagwira, pamene mashoko amamangidwa, kuseri kwa thanki ya mafuta, pachitsulo chopingasa chimene chimanyamula tayala lapadera, ndi pamene bokosi la chiwongolero limamangidwa. Pisani chala m'timabowo tija. Mukamva makoko kapena dothi lolimba, dziwani kuti m'katimo ntchito ilipo. Onaninso timapaipi ta mabuleki toyenda m'mbali mwa chasisi, chifukwa timadyeka pamodzi nacho ndipo tikaphulika buleki imafookeratu pomwepo. Galimoto ikhale ndi fitinesi ya RTSA, bungwe la boma loona za pamsewu, kapena ayi, inu lowanibe pansi.

Penti watsopano wakuda pansi pa galimoto yakale amandichititsa kukayika kuposa dzimbiri looneka. Wogulitsa wachilungamo sakana kuti mugogode. Akakana, nkhani yathera pomwepo.

Si dzimbiri lonse lothawitsa munthu. Lija lofiira lapamwamba, loti mukapala ndi bulashi ya waya chitsulo chosalala chimaonekera, lili pa pikapu iliyonse yakale ndipo siliopsa ngati mwalisamala. Lachiwiri ndi lija lotupa, losendeka makoko ngati khungwa la mtengo. Dzimbiri limatenga malo aakulu kangapo kuposa chitsulo chimene ladya, n'chifukwa chake limatupitsa pamene zitsulo ziwiri zasanjikizana mpaka kuzikanula. Apa chofunika n'kudziwa chimene chatsala pansi pa makokowo, ndipo simungadziwe musanawagwetse onse. Likafika poboola, kapena mwaona mng'alu, imeneyo si ntchito ya penti ayi, ndi ya wowotcherera. Bowo limodzi laling'ono pamalo osanyamula katundu limakonzeka. Koma mabowo akakhala mbali zonse ziwiri, kapena pamene sipuling'i ndi chiwongolero zimagwira, ine ndimauza munthu kuti ndalama zake asunge.

Ngati galimoto ndi yanu kale ndipo chitsulo chikadali chamoyo, ntchitoyi muigwire m'chilimwe, kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala, kunja kukauma gwa. Bodi ikachotsedwa zimakhala bwino kwambiri, popeza pamwamba pa chasisi m'pamene fataleza amadonthera. Tsukani ndi madzi amphamvu kunja ndi m'kati, musiye ziume masiku angapo. Kenaka gwetsani makoko ndi nyundo, mupale ndi bulashi ya waya ya pagirayinda mpaka chitsulo cholimba chioneke, mutavala magalasi ndi chotchinga mphuno. Mukatero pakani rust converter. Mankhwala amenewa ali ndi asidi amene amasandutsa dzimbiri lotsalira kukhala chinthu chakuda cholimba chimene penti angagwirepo. Amagwira pa dzimbiri lopyapyala lokha. Mukawapaka pamwamba pa makoko amangodetsa kunja, pansi dzimbiri likupitiriza, ndipo sabwezera chitsulo chimene chinadyeka. Akauma, pakani penti woyamba wa red oxide kapena wokhala ndi zinki, kenaka penti wa chasisi kawiri. M'kati mwa mapaipi aja bulashi siifika, choncho mumapoperamo phula lamadzimadzi lotchedwa cavity wax pogwiritsa ntchito kapaipi katali, ndipo mukamaliza muonetsetse kuti timabowo tonse n'totsegula.

Ambiri kuno amapopera oyilo wakutha wa mu injini. Ndikumvetsa, sagula. Amatchinjirizadi madzi kwa kanthawi, koma amafewetsa mphira za masipuling'i, amamata fumbi, amadonthera m'nthaka, ndipo akafika pamabuleki ndi ngozi. Chimene ndimadana nacho kwambiri ndi phula lokhuthala lomata pamwamba pa dzimbiri. Likang'ambika pang'ono madzi amalowa osatulukanso, ndipo n'limene linabisa bowo la pikapu yoyera ija.

Pa zowotcherera, musapereke chasisi kwa aliyense amene amapanga mageti ndi mafelemu a mawindo, ngakhale ntchito yake ikhale yokongola. Wodziwa amayamba wachotsa batire ndi thanki ya mafuta, n'kuimika galimoto pazitsulo kuti chasisi chisapindike akamadula. Amadula mpaka pamene chitsulo chabwerera kuchindikala kwake, chifukwa moto sugwira pa dzimbiri, umangoboola. Chigamba chimakhala cha chitsulo chochindikala mofanana ndi chasisicho, osati lata kapena njanji. Chigamba cholimbitsira pamwamba amachidula mosongoka mbali zonse ziwiri, makona ake ozungulira, kuti mzere wowotcherera usadutse chasisi molunjika kuchokera pamwamba mpaka pansi, popeza mng'alu watsopano umakonda kutsata mzere wotero. Kungomata chitsulo pamwamba pa bowo osadula chovundacho n'kusungira madzi pakati pa zitsulo ziwiri. Akamaliza ayeze mopingasa, kona ndi kona, kuti aone ngati galimoto sidzayenda chammbali n'kumadya matayala.

Pali malo amodzi amene girayinda isayandikire, pamene padindidwa nambala ya chasisi. Nambala imeneyi iyenera kufanana ndi imene ili mu White Book, chikalata cha umwini wa galimoto. Ikafufutika kapena kudulidwa, mudzavutika posintha umwini, ngakhale podutsa pa Mwami kupita ku Malawi, chifukwa galimoto yotero imaoneka ngati yakuba. Pamenepo pukutani ndi bulashi ya m'manja mofatsa, mupakepo girisi.

Mukatsitsa fataleza m'mwezi wa Novembala kapena Disembala, sesani bodi n'kuitsuka tsiku lomwelo, ndipo ulendo wotsatira muyale tenti pansi pa matumba. Mvula ikasiya cha mu Epulo, lowetsani paipi ya madzi m'bowo la kutsogolo kwa chasisi, galimoto itaima pokwera pang'ono kuti madzi atsikire kumbuyo. Poyamba adzatuluka ofiira ngati thobwa la mawere. Musatseke mpope mpaka atayera, mbali iyi kenaka inayo.