Galimoto yoyamba: gulani imene makanika aliyense wa ku Kapata akuidziwa

Ikafika Julayi ndi Ogasiti kuno ku Chipata foni yanga sipuma. Alimi agulitsa soya ndi nshawa, ena alandira za fodya, aphunzitsi ndi anamwino atenga ngongole yodula kumalipiro, ndiye aliyense akufuna makanika woti akamuonere galimoto. Vuto ndi loti ambiri amandiitana mtima utagwa kale. Amatumiza chithunzi pa WhatsApp, galimoto ikuwala ngati yatuluka kufakitale dzulo, n'kufunsa kuti, "Amisiri, iyi mukuiona bwanji?" Pachithunzi ine ndimangoona polishi, ndipo polishi ndi wotchipa.

Chaka china mphunzitsi wina wa cha ku Chadiza anabwera pagalaji panga ndi Toyota Mark X yasiliva, atagula kale. Ankafuna ndimuyamikire. Galimotoyo inalibe vuto lalikulu, kungoti sinali yomuyenera. Injini yake ndi V6 ya 2500cc, mimba ili pafupi ndi nthaka, pamene kusukulu kwake msewu ndi wafumbi, wamiyala, ndipo mvula ikagwa umasanduka ngalande. Ngongole yonse inathera pamtengo wogulira. Miyezi itatu isanathe mwala unaboola sampu, chibeseni cha oyilo cha pansi pa injini, oyilo yense n'kutayikira panjira, iye osadziwa mpaka injini itayamba kugogoda. Tinaikoka ndi lole ya Canter.

Ndiye ine munthu akandifunsa kuti agule yanji, sindiyamba ndi dzina la galimoto. Ndimamutuma kaye. Pitani mukaime pamene pamaima mataxi ku Kapata kapena ku Down Shops kwa theka la ola, muziwerenga zimene zikudutsa. Mudzaona Corolla, Vitz, Spacio, RunX, Allion, Sienta, Probox, kenaka Corolla ina. Anthu a mataxi sagula galimoto chifukwa cha maonekedwe, amagula imene ikafa m'mawa masana ikhala itadzuka. Zambiri mwa zimenezi zili ndi injini imodzimodzi, 1NZ ya 1500cc. Injini imeneyi imayendera tcheni osati lamba, simwa kwambiri, ndipo masipeya ake, atsopano ndi ochotsa ku galimoto zina, mumawapeza muno mutauni tsiku lomwelo. Ku Katete, ku Petauke, ku Lundazi, mnyamata aliyense wogwira sipanala anaitsegulapo. Mukagula galimoto ya ku Ulaya yotchipa modabwitsa, kasensa kamodzi kakafa mudzadikira basi ya ku Lusaka, kapena munthu wochokera ku Johannesburg, galimoto ili pamiyala.

Sikuti ya Toyota iliyonse ndi yofatsa. Pa Allion, Premio ndi Noah zina pali injini ya 2000cc yolembedwa D-4. Imeneyo imafuna petulo woyera ndi makanika woidziwa, ndipo ikayamba kudzaza mwaye mkati imazima pa mphambano popanda chifukwa chooneka. Kwa munthu wa galimoto yoyamba ndimati ailambalale. Vitz ya 1000cc ndi yabwino kuzungulira mutauni, koma mukakweza banja lonse ndi matumba awiri a chimanga, mapiri a pakati pa Nyimba ndi mlatho wa Luangwa mudzawakwera mukupemphera. Honda Fit ndi Mazda Demio ndi zabwino ndithu, kungoti ziyeseni bwino giyabokosi. Galimoto zing'onozing'ono zambiri za ku Japan zopangidwa kuyambira cha m'ma 2005 zili ndi giyabokosi ya CVT, ya otomatiki yopanda magiya owerengeka, ndipo imeneyi ili ndi oyilo wakewake. Wina akathiramo ATF wamba, oyilo wa magiyabokosi ena a otomatiki, chifukwa ndi amene anali pashelefu, imayamba kunjenjemera ponyamuka, kenaka basi. Corolla yakale ija ya 2000 mpaka 2006, ya magiya anayi, ilibe nkhani zimenezi, n'chifukwa chake mtengo wake sutsika ngakhale yakalamba.

Za mafuta tiwerengere limodzi. Kuchoka ku Chipata kufika ku Lusaka ndi makilomita pafupifupi 570. Galimoto yoyenda makilomita 14 pa lita imodzi imwa malita 41. Yoyenda makilomita 9 imwa malita 63. Kupita ndi kubwera kusiyana kwake ndi malita oposa 40, ulendo umodzi wokha, ndipo mtengo wa lita a ERB, bungwe loona za mitengo ya mafuta, amaulengeza mwezi ndi mwezi, inu mulibe chonenapo.

Tinene kuti muli ndi K100,000. Galimoto yanu si ya K100,000, ndi ya K80,000 kapena kutsikirapo. Yotsalayo ili ndi eni ake kale: kusintha dzina ku RTSA (bungwe lolembetsa galimoto), road tax, fitness (chiphaso choti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu), inshuwalansi, sevisi yoyamba, mwina matayala awiri ndi batire. Inshuwalansi ya third party ndi ya lamulo, koma dziwani kuti imalipira amene mwamugunda, yanu mukonza nokha. Sindinaonepo galimoto yogwiritsidwapo kale ntchito imene sinapemphe kanthu mwezi woyamba. Wogulitsa amasiya kuisamala tsiku limene waganiza zoigulitsa.

Ena amati bola kuitanitsa ku Japan. Nzoona, galimoto yobwera kumene nthawi zambiri imakhala yosatopa poyerekeza ndi imene yadya kale maenje athu zaka zisanu. Koma mtengo umene mumauona pa intaneti ndi wa madola, ndipo umathera padoko la Dar es Salaam. Kuchoka apo pali za padoko, woiyendetsa mpaka ku Nakonde, ejenti wa pa boda, msonkho wa ZRA (bungwe lotolera misonkho) umene umatengera kukula kwa injini ndi zaka za galimoto, kulembetsa nambala, ndiye mafuta a makilomita pafupifupi 1,000 kufika ku Lusaka musanakhotere kum'mawa kuno. Sitima ili panyanja kwacha ikhoza kugwa, inu bajeti munapanga ndi mtengo wakale. Funsani msonkho wake musanatumize ndalama, osati galimoto itafika kale pa boda ndipo ikuwerengeredwa za malo oimikapo tsiku ndi tsiku. Ngati ndalama zanu ndi zongokwanira, ine ndimakonda ya pompano imene ndingathe kuigwira ndi manja.

Tsopano poiona. Apa ndi pamene ndimafuna mudekhe.

Panganani ndi wogulitsa kuti mubwera m'mawa, ndipo asailize. Mukafika ikani dzanja pa boneti. Ngati ndi yofunda, funsani chifukwa. Injini yotopa imaulula zonse ikamadzuka kozizira: kuvuta kulira, kugogoda kwa masekondi oyamba, tcheni kuchita phokoso, utsi. Ikatentha zambiri zimabisala, ndipo ogulitsa ena amadziwa zimenezi kuposa ine.

Musanailize, tsegulani chivindikiro chothirira oyilo muone kunsi kwake. Mukapeza zoyera zonga chambiko, madzi akusakanikirana ndi oyilo, kawirikawiri gasiketi yapsa. Suzumirani mkati ndi tochi ya foni. Chitsulo chizioneka, chofiirira pang'ono palibe kanthu, koma phala lakuda lomatirira likutanthauza kuti mwini wake ankadumpha sevisi. Tsegulani radiyeta, injini ili yozizira, osayerekeza ikatentha. Muzikhala madzi a mtundu, ofiira kapena obiriwira. Mukapeza madzi a pachitsime adzimbiri, dziwani kuti mkati mwadyeka. Ikalira, yang'anani pakamwa pa radiyetapo: thovu lotuluka mosalekeza ndi mpweya wa mu injini umene ukudutsa posayenera. Chinanso chimene ndimachipeza kawirikawiri kuno ndi fani yolumikizidwa mwachindunji, yozungulira kiyi akangotembenuzidwa, ndi thermostat, kavalavu kowongolera kutentha kwa injini, yochotsedwa. Wogulitsa adzati ndi chifukwa cha kutentha kwa Okutobala. Nthawi zambiri galimotoyo inawirapo, wina n'kubisa matenda m'malo mochiza.

Lowani mkati, tembenuzani kiyi osaliza injini. Magetsi onse a pa dashibodi ayake: la injini, la oyilo, la batire, la ABS, la airbag. Mukaliza azime. Limene silinayake n'komwe ndi limene muyenera kuliopa, chifukwa pali anthu amene amachotsa babu kapena kumata tepi yakuda kuseri. Ndinatsegulapo dashibodi ya Vitz ina n'kupeza chingamu chotafuna atamata pa getsi la injini. Masiku ano amakanika ambiri tili ndi kamakina kolumikiza pansi pa sitelingi kowerenga zolakwika, ndipo ndalama yake ndi yochepa kuposa thanki imodzi ya petulo.

Makilomita olembedwa pa dashibodi musawakhulupirire okha. Amabwezedwa. Galimoto ya zaka 15 yolemba 60,000 koma labala wa pa buleki watha mpaka chitsulo, sitelingi yasalala ngati mpini wa khasu, mpando wa dalaivala wafwafwanthika, imeneyo ikunama. Yang'anani pa mphuthu ya chitseko cha dalaivala kapena pansi pa boneti, nthawi zina kapepala ka sevisi ka ku Japan kamakhala kadakalipo ndi nambala yeniyeni.

Wina aponde mafuta, inu muime kumbuyo. Utsi wabuluu ndi oyilo akupsa. Wakuda ndi mafuta ochuluka. Woyera wokhuthala umene sukutha injini itatentha ndi madzi. Kanthunzi kochepa m'mawa wa Juni si vuto.

Kenaka gwadani. Anthu ambiri amachita manyazi kugwada atavala bwino, ndiye bwerani ndi chitenje kapena katoni. Pansi ndi pamene pali mbiri ya galimoto: sampu yophwanyika n'kuwotcherera, oyilo wodontha, malabala ong'ambika, chasisi yopindika kapena yowotcherera. Zina zochokera kumadera a chipale ku Japan zimabwera ndi dzimbiri chifukwa cha mchere umene amathira m'misewu, pamwamba zili bwinobwino. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Onaninso mipata ya zitseko ndi boneti ngati ikufanana mbali zonse, ndi penti padzuwa ngati ndi ya mtundu umodzi. Chotsani tayala la sipeya muone pansi pake, chifukwa galimoto yogundidwa kumbuyo imakhala ndi makwinya pamenepo. Pa tayala lililonse pali manambala anayi osonyeza sabata ndi chaka chimene linapangidwa: 2318 ndiye kuti sabata ya 23, chaka cha 2018. Tayala lakale limaphulika pa tara wotentha ngakhale mapanga ake akuoneka. Matayala ofewa a m'chipale amene amabwera ndi galimoto zina za ku Japan sakhalitsa kuno.

Poiyesa, yendetsani nokha, wailesi itazimitsidwa. Kuzungulira Kalongwezi kokha sikukwanira. Tulukani nayo pa msewu wa ku Mwami kapena wa ku Lundazi ifike 80 kapena 100, mumve ngati sitelingi ikunjenjemera ndiponso ngati magiya akulowa mosagunda. Pezani chitunda, muone muvi wa kutentha ngati ukukwera. Lowani mumsewu wafumbi mumve kugogoda kwa mashoko ndi mabushi. Pabwalo, pindani sitelingi mpaka kumapeto n'kuzungulira pang'onopang'ono: "ta-ta-ta" ndi CV joint, mfundo ya chitsulo chozunguza tayala, imene yatha. Zimenezi zokha sizoletsa kugula, mabushi ndi mashoko ndi zakudya za misewu yathu, koma ndi zotsitsira mtengo. Injini, giyabokosi ndi chasisi ndiye sitikambirana. Wogulitsa akakana kuti makanika wanu aione, kapena akayamba zoti pali wina akubwera ndi ndalama masana, tsanzikani mwaulemu.

Mapepala ndi amene agwetsa anthu ambiri kuno kuposa injini, chifukwa tili pafupi ndi malire. Tengani white book, buku la umwini wa galimoto, m'manja, yeniyeni osati fotokope, muwerenge nambala ya chasisi chilembo ndi chilembo mukuyerekeza ndi imene inadindidwa pa chitsulo cha galimoto. Nambala ya injini chimodzimodzi. Dzina la m'bukumo lifanane ndi la pa chitupa cha NRC cha amene akugulitsa. Mukamva zoti "ndi ya achimwene anga ali ku Kitwe" kapena "buku lili ku banki", imani kaye, chifukwa buku likakhala ku banki kapena kwa wobwereketsa ndalama ndiye kuti galimotoyo ndi chikole. Galimoto ya nambala ya ku Malawi kapena ya ku Mozambique yotchipa kwambiri nthawi zambiri inalowa ndi chilolezo cha masiku ochepa, msonkho wa Zambia sunalipidwe, ndipo tsiku lina pa rodibuloko idzatsala inu n'kubwerera pa njinga ya kabaza. Pitani limodzi ndi wogulitsa kupolisi akaione ngati si yakuba, lemberanani kalata yogulitsirana pali mboni, ndalama zidutse ku banki kuti pakhale umboni, ndipo dzina musinthe ku RTSA sabata yomweyo. Funsaninso ngati road tax ili ndi ngongole ya m'mbuyo, chifukwa imeneyo imatsata galimoto.

Mukaitenga, musadikire tsiku la sevisi limene wogulitsa wakuuzani. Sinthani oyilo ndi fyuluta, onani mapulagi, mabuleki ndi madzi a mu radiyeta, ndipo ngati ndi injini ya lamba monga 5A ya Corolla zakale, sinthani lambayo pokhapokha pali lisiti yosonyeza kuti ndi watsopano. Gulani kabuku ka K10 muzilembamo tsiku ndi makilomita a chilichonse chimene mwasintha.

Mayi wina, namwino wa kuchipatala china cha kumudzi, anachita zonsezi ndi Corolla yoyera ya 2004 imene anzake ankaiseka kuti ndi ya taxi. Tinakana galimoto zitatu tisanaipeze, ndipo pa yachitatuyo anandikwiyira pang'ono chifukwa inali ndi mipando yachikopa. Corolla ija imabwera kwa ine pakatha makilomita 5,000 alionse, kabuku kali m'kabati ya kutsogolo. Mwezi watha tinasintha mabushi a kutsogolo ndi babu limodzi la kumbuyo. Mark X ya aphunzitsi aja inapeza injini ina patatha chaka, ndipo anaigulitsa kwa mnyamata wa ku Lusaka kuti amalize ngongole.