Kudyetsa korali ndi anemone: yambani mwaona nyali

Munthu akangoyamba kusunga korali m'thanki ya madzi amchere, funso lake limakhala lakuti aziipatsa chakudya chochuluka bwanji. Ine ndimayamba ndamufunsa za nyali. Korali ndi nyama ngakhale imaoneka ngati mwala kapena duwa, koma m'thupi mwake mumakhala tindere tating'onoting'ono totchedwa zooxanthellae. Tindereti timapanga shuga pogwiritsa ntchito kuwala, ndipo gawo lalikulu la shugayo limapita kwa koraliyo. Anemone ndi nyama zofewa za m'nyanja yamchere, zachibale ndi korali, zokhala ndi timanja tambiri mozungulira pakamwa. Zambiri zogulitsidwa m'masitolo, monga Entacmaea quadricolor yomwe nsomba za clownfish zimakonda kubisalamo, zimakhalanso choncho. Ngati nyali ndi yofooka, kuwonjezera chakudya sikungathetse vutolo.

Komabe shuga yekha sakwanira kukulitsa thupi. Pamafunikanso zomanga thupi, ndipo apa ndi pamene kudyetsa kumalowera.

Yang'anani kukula kwa pakamwa. Korali za timilomo tating'ono, monga Acropora ndi Montipora, zimagwira tizilombo tosaoneka bwino ndi maso, ma rotifer ndi ma copepod, ndipo m'thanki yokhala ndi nsomba zingapo zimapezanso zambiri kuchokera ku zitosi za nsombazo. Za milomo ikuluikulu, monga Trachyphyllia ndi Acanthastrea, zimameza shrimp ya mysis yathunthu (shrimp ndi tinyama ta m'madzi tachibale ndi nkhanu, ndipo mysis ndi mtundu waung'ono). Zambiri zimatambasula timanja tawo nyali zikazima, ndiye madzulo ndi nthawi yabwino yozidyetsa.

Pa anemone ndi pamene anthu amalakwitsa kwambiri. Amaona ikukumbatira chinthuli cha nsomba, iwo n'kusangalala kuti yadya bwino. M'mawa mwake imakhala italavula chinthulicho chili chonandanda, chikuwolera kuseri kwa miyala. Dulani tizidutswa tosaposa njere ya chimanga, mupereke kamodzi kapena kawiri pa sabata. Chikhale chakudya cha m'nyanja yamchere, chachiwisi, chopanda zokometsera: shrimp, scallop (nyama ya m'chigoba) kapena mysis. Usipa ndi matemba zisiyeni, mafuta a nsomba za m'madzi opanda mchere ndi osiyana ndi omwe nyamazi zinazolowera.

Kadyetsedwe kake nkosavuta. Sungunulani chakudya cha mufiriji m'kapu ya madzi a m'thanki, mutaye madzi oyambawo. Zimitsani mapampu kwa mphindi 10 kapena 15 kuti chakudya chisauluzike. Tengani sirinji yopanda singano kapena paipi yofinya, mufinyire pang'onopang'ono pamwamba pa timanja, osakhudza thupi. Mukafinya mwamphamvu nyamayo imadzikwinya. Samalaninso ndi akuba: shrimp zotsuka nsomba, Lysmata amboinensis, zimalowetsa miyendo mpaka m'kamwa mwa korali n'kutulutsa chakudya. Zipatseni kaye gawo lawo kumbali ina ya thanki. Ndipo musaiwale kuyatsanso mapampu, chifukwa thanki ikagona usiku wonse madzi osayenda, mpweya umachepa.

Chakudya chilichonse cholowa m'thanki chimathera kukhala nitrate ndi phosphate, zotsalira zosungunuka m'madzi zomwe zimagwira ntchito ngati feteleza. Zimenezi zikakwera, ndere zobiriwira zimamera pamiyala ndi pagalasi, korali zolimba zimasanduka zofiirira, kukula n'kuchepa. Yezani madzi sabata iliyonse. Manambala akamakwera, chepetsani chakudya musanathamangire mankhwala.

Anemone ikayera mbuu, yataya tindere take, kawirikawiri chifukwa cha kutentha kopitirira kapena kusintha kwadzidzidzi kwa kuwala. Madzi azikhala pakati pa madigiri 24 ndi 26. Anemone yotereyi ndiyo imafunika kudyetsedwa pafupipafupi, tizidutswa tating'ono, kufikira mtundu wake utabwerera.

Palinso gulu losadalira kuwala konse. Tubastraea, korali yachikasu chowala yomwe imakopa aliyense m'sitolo, ilibe zooxanthellae. Kamlomo kalikonse kamayenera kupatsidwa chakudya kangapo pa sabata, ndipo pamwala umodzi timilomo timakhala tambirimbiri. Kwa woyamba kumene, ine ndimati aisiye m'sitolo momwemo.