Chenjezo kwa anthu a kunyanja ku Salima: makapisozi sabwezera madzi m'thupi

Mvula ikayamba, kuno kunyanja kutsegula m'mimba sikusowa. Sitinaiwale mliri wa kolera womwe unayambira ku Machinga mu Marichi 2022, n'kufalikira dziko lonse, n'kupha anthu oposa 1,700. Salima inali m'gulu la maboma omwe anavutika kwambiri. Uthengawu ukupita kwa makolo, asodzi, amayi a geni ya usipa ndi mafumu a ku Senga Bay, Lifuwu, Chipoka ndi kwa Maganga. Munthu akayamba kutsegula m'mimba, musathamangire kuokala kukagula makapisozi. Thamangirani kuchipatala.

Tizilombo toyambitsa matenda n'tating'ono zedi, sitioneka ndi maso, n'chifukwa chake madzi a m'nyanja amatha kuoneka oyera mbee koma ali ndi matenda. Ndipo tizilomboti si ta mtundu umodzi. Mabakiteriya ndiwo amayambitsa kolera, tayifodi ndi TB. Mavairasi, omwe ndi ang'ono kuposa mabakiteriya, amayambitsa chimfine, chikuku, Covid-19 ndi Edzi. Zipere zimadza ndi mafangayi. Kachilombo ka malungo kali ndi mtundu wakewake, likodzo nalo limadza ndi tinyongolotsi tomwe timaswana mu nkhono za m'madzi.

Mankhwala omwe ambiri mumangoti makapisozi, monga amoxicillin ndi doxycycline, pamodzi ndi mapilitsi a Bactrim, ndi maantibayotiki. Ntchito yawo yaikulu ndi kupha mabakiteriya. Vairasi samukhudza n'komwe. Ndiye amoxicillin yemwe mumamwetsa mwana wachimfine uja sachiza chimfinecho, amangopha mabakiteriya abwino omwe amakhala m'matumbo mwa mwanayo, ndipo nthawi zina ndi iyeyo amamutsegulitsa m'mimba. Ngakhale pa mabakiteriya enieniwo, mankhwala aliwonse ali ndi omwe amathana nawo. Flagyl, yemwe amagulidwa kwambiri munthu akangomva m'mimba mukupota, sapha kachilombo ka kolera.

Mwina muti, kolera si ya mabakiteriya kodi, nanga cholakwika n'chiyani kumwa makapisozi? Apa mpamene timatayira anthu. Chimene chimapha wodwala kolera ndi kutha kwa madzi ndi mchere m'thupi. Kachilomboka kakakhazikika m'matumbo kamatulutsa poizoni amene amachititsa matumbo kukhuthula madzi, ndipo munthu amapanga chimbudzi choyera ngati madzi otsukira mpunga, osalekeza, kwinaku akusanza. Bambo wamphamvu amene m'mawa amakoka chilimira atha kumwalira tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe. Kapisozi, ngakhale mumwe khumi, sabwezera ngakhale kapu imodzi ya madzi otayikawo. Kuchipatala timayamba ndi Thanzi ORS, kapena dripi ngati wodwala wafooka, ndipo antibayotiki amabwera pambuyo, adokotala akaona kuti akufunika.

Zomwe zimachitika m'midzimu timazidziwa. Wodwala wayamba madzulo, apabanja agula Flagyl ndi makapisozi awiri, ati tione kukacha. Kukucha, maso alowa m'kati, minofu ya m'miyendo ikukokana, mkodzo wasiya. Kabaza akufunidwa nthawi imeneyo. Makolo, usiku umodzi wodikira mankhwala a kuokala kuti agwire ntchito ndi wokwanira kutaya munthu. Musadikire kuche.

Vuto lina la makapisozi ogula awiriawiri ndi loti tizilombo timapima. Mukamwa mankhwala osakwanira, kapena kusiyira panjira poti mwapezako bwino, mabakiteriya ofooka amafa, olimba n'kutsala, n'kuswana, n'kufalikira kwa ena. Akuluakulu mukukumbukira kolokwini, momwe ankachizira malungo kale. Tizilombo ta malungo titapima, boma linamusiya mu 1993 n'kubweretsa Fansidar, nayenso anatha mphamvu mpaka mu 2007 tinayamba LA. Zomwezo zikuchitika ndi maantibayotiki lero. Tayifodi ya masiku ano nthawi zambiri simvanso amoxicillin kapena Bactrim. Inu amene mumalandira Bactrim pamodzi ndi ma ARV, ameneyo ndi wanu, si wogawira aneba. Inu a mankhwala a TB, malizani miyezi 6 yonse. Ndipo za kutsegula kapisozi n'kuthira ufa wake pachilonda, kapena kusungunulira nkhuku m'madzi, chonde zitheretu.

Za kapewedwe mwazimva kambirimbiri: madzi akumwa muziwiritsa kapena kuthira klorini, sambani m'manja ndi sopo pochokera kuchimbudzi ndi musanadye, idyani chakudya chikadali chotentha, ndipo nyanja kapena mchenga wa pagombe si chimbudzi. Katemera wa kolera akabwera m'dera lanu, kalandireni.

Koma wina akayamba kutsegula m'mimba mwa madzimadzi, sungunulani paketi imodzi ya Thanzi mu lita imodzi ya madzi otetezedwa, ayambe kumwa pompo. Thanzi akasowa, thirani masupuni ang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi. Akasanza, dikirani mphindi 10, mupitirize pang'onopang'ono. Mwana woyamwa asasiye bere. Thanziyo ndi womwera panjira, sikuti mwapeza chifukwa chokhalira pakhomo ayi. Nyamukani ngakhale pakati pa usiku, kaya ndi pa njinga, kaya pa bwato, mukafike ku chipatala chomwe muli nacho pafupi. Thandizo la kolera m'zipatala za boma ndi laulere.

Ngati munamumwetsa kale makapisozi kapena mankhwala azitsamba, musabise poopa kukalipiridwa. Tengani zotsala kapena pepala lake mukaonetse adokotala, kuti adziwe poyambira. Muli ndi funso, funsani mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mwanu, kapena imbani ku Chipatala cha pa Foni.