Makina Akachuluka, Ntchito Zimatha? Mafunso ndi Mayankho

Kodi chimachulukitsa kapena kuchepetsa antchito n'chiyani?

Zinthu ziwiri: kuchuluka kwa katundu amene ogula akumufuna, ndi kuchuluka kwa katundu amene wantchito mmodzi amatulutsa. Masamu ake ndi ochotsera. Maoda akakwera ndi 5 peresenti pomwe wantchito aliyense wawonjezera zotulutsa ndi 2 peresenti, antchito amafunika kuchuluka ndi pafupifupi 3 peresenti. Manambalawo akasinthana malo, ena alandira makalata owachotsa ntchito.

Ndiye kuti makina amalanda anthu ntchito?

Si nthawi zonse. Mu 1913 kampani ya Ford ku America inayamba kulumikiza galimoto zikuyenda pa lamba, wantchito aliyense ataima pamalo pake. Galimoto imodzi ya Model T, yomwe inkadya maola oposa 12, inayamba kutha pa ola limodzi ndi theka. Mtengo unagwa kuchoka pa madola 850 mu 1908 kufika pansi pa 300 mu 1925. Amene sankalota n'komwe zogula galimoto anathamangira kukagula, moti fakitale inalemba anthu ambiri kuposa kale. Funso lenileni ndi lakuti: mtengo ukatsika, ogula awonjezera zochuluka bwanji?

Nanga ku ulimi bwanji anthu amachepa?

Mimba ili ndi malire. Ufa utatsika mtengo ndi theka, palibe angadye nsima kasanu patsiku. Ernst Engel, katswiri wa ziwerengero wa ku Germany, anaonetsa mu 1857 kuti banja likamalemera, gawo la ndalama zopita ku chakudya limachepa. Ku America, mu 1900 antchito pafupifupi 40 pa 100 alionse anali alimi. Lero safika 2, komabe zokolola n'zochuluka kwambiri.

Chifukwa chiyani ntchito za uphunzitsi ndi unamwino zikukula?

N'zovuta kuzifulumizitsa. Namwino sangasambitse odwala khumi nthawi imodzi, choncho ofuna chithandizo akachuluka, anamwinonso ayenera kuchuluka. William Baumol, katswiri wa zachuma wa ku America, anazifotokoza m'ma 1960.

Anthu amalakwitsa pati powerenga zimenezi?

Amaloza makina chala pomwe msika ndiwo wathawa. Ogula akhoza kumagulabe malaya ambiri, koma osokedwa kunja. Mafakitale a ku America anataya ntchito zoposa 5 miliyoni pakati pa 2000 ndi 2010, China itangolowa m'bungwe loona za malonda a pakati pa mayiko la World Trade Organization mu 2001, ndipo akatswiri amatsutsanabe kuti makina anadya zingati ndipo katundu wakunja anadya zingati. Kuno kwathu telala wa pakhonde amapondabe makina ake akale omwe aja. Amene wamuchepetsera makasitomala ndi belo la kaunjika.