Kalaliki amene sanena kuti "sindikudziwa"

Mwezi wathawu ndinali pa ofesi ina ku Lilongwe kukonza makompyuta. Mlembi wa pamenepo, mayi amene agwira ntchitoyi zaka zoposa 20, anandikodola kuti ndikaone zodabwitsa. Anali atajambula pa foni zokambirana za komiti, n'kuzipereka ku pulogalamu ina ya AI (mapulogalamu a kompyuta amene amalemba ndi kuyankha ngati munthu), ndipo pasanathe mphindi zisanu maminitsi anali atatuluka, mitu yake ili m'malo mwake. Kale ntchito imeneyi inkawadyera tsiku lathunthu.

"Achimwene, taonani. Ife tinkavutikiranji zaka zonsezi?"

Tinayamba kuwerenga limodzi. Chingerezi chake chinali chosalala bwino. Koma titafika pa ndime yachinayi, mayiwo anaika chala pa sikirini. Panalembedwa kuti komiti yagwirizana zogula matayala a galimoto mwezi usanathe.

"Ayi, izi sitinagwirizane. Abwana anati tidikire kaye ndalama."

Pulogalamuyo inamva anthu akukambirana za matayala, ndiye inamaliza nkhaniyo mmene nkhani zotere zimathera nthawi zambiri. Kuti timvetse chifukwa chake, tiyenera kudziwa mmene zinthuzi zimagwirira ntchito.

ChatGPT, imene kampani ya OpenAI inatulutsa pa 30 Novembala 2022, ndiponso anzake monga Gemini wa Google ndi Meta AI amene ambirife timamuona pa WhatsApp, anaphunzitsidwa powadyetsa zolembedwa zochuluka zedi za pa intaneti ndi m'mabuku. Chimene anaphunzira ndi kulosera liwu loyenera kubwera pambuyo pa linzake. Ine ndimawafanizira ndi munthu amene wakhala pa bwalo la amfumu zaka zambiri akumvetsera milandu. Amadziwa mmene mlandu wa malire a munda umayambira, mawu amene nkhoswe zimalankhula, ndi mmene chigamulo chimamvekera. Mutamufunsa za mlandu wanu, umene iye sanakhalepo, akhoza kukufotokozerani mwatsatanetsatane ndi mawu a ulemu wake, zina zoona, zina zongolumikiza. Ndipo pankhope pake simungaone kusiyana.

Vuto lagona pamenepo. Munthu akamakayikira amachita chibwibwi, amakanda m'mutu, ndipo inu mumadziwa kuti apa ndifunsenso kwina. Makinawa amalankhula zoona ndi zopeka ndi mtima umodzimodzi.

Maloya ndi amene anayamba kupsa nazo poyera. Mu 2023, ku New York, maloya a munthu wina amene ankasumira kampani ya ndege ya Avianca anapereka kukhoti chikalata chotchula milandu isanu ndi umodzi yakale monga umboni wa malamulo. Milanduyo sinachitikepo. ChatGPT inaipeka, mayina ake, manambala ake, ngakhale mawu a oweruza. Chomvetsa chisoni n'chakuti mmodzi wa maloyawo anaifunsa ngati milanduyo inali yeniyeni, iyo n'kuvomera. Khoti linawalipitsa madola 5,000. Ku Pietermaritzburg, ku South Africa, khoti lalikulu linakumananso ndi milandu yosapezeka m'mabuku alionse mu Januwale 2025, ndipo linatumiza nkhaniyo ku bungwe loyang'anira maloya.

Musandimve molakwa, ine ndimagwiritsa ntchito zinthuzi tsiku lililonse. Fomula ya Excel, pulogalamu yowerengetsera manambala, ikandikanika, AI imandikonzera m'kanthawi kochepa, ndipo ndimaona pomwepo ngati ikugwira. Mayi wogulitsa zitenje amene akufuna kulemba kalata yopempha ngongole m'Chingerezi chomveka safunikanso kulipira munthu womulembera. Mwana wa Fomu 4 angathe kupempha kuti imufotokozere phunziro limodzi katatu m'njira zosiyana, popanda kuopa kukalipiridwa. Alimi ena akufunsa mafunso pa WhatsApp m'Chichewa kudzera pa Ulangizi, pulogalamu imene bungwe la Opportunity International linayambitsa mu 2024, imene mayankho ake amachokera m'buku la malangizo a ulimi la Unduna wa Zamalimidwe. Njira imeneyi ndimaikonda chifukwa makinawo amangiriridwa ku buku lodziwika, sakungotola paliponse.

Muyezo wanga ndi uwu: ndimaipatsa ntchito imene ndingathe kuiyeza ndekha ikamaliza. Kukonza chiganizo, kufupikitsa lipoti limene ndaliwerenga kale, kundikumbutsa mbali imene ndaiwala, zonsezi zili bwino. Koma mlingo wa mankhwala a mwana, ndime ya lamulo, kapena msonkho wa PAYE, sindingatenge kwa iyo osatsegula chikalata chenicheni. Pa zinthu zakwathu kuno m'pamene imapunthwa kwambiri, chifukwa zolembedwa za Malawi, makamaka za m'Chichewa, n'zochepa pa intaneti poyerekeza ndi za ku America kapena ku Britain. Magawo a msonkho amasintha pa bajeti, ndiye ikhoza kukuwerengerani malipiro a antchito ndi manambala a zaka zitatu zapitazo, kapena a dziko lina, popanda kukuchenjezani. A MRA akadzabwera, siginecha imene adzapeze pa pepalapo ndi yanu.

Palinso nkhani ya zinsinsi. Chimene mwalemba m'mapulogalamuwa chimachoka pa foni yanu n'kupita ku makompyuta a kampani ya kunja. Mu 2023 kampani ya Samsung inaletsa antchito ake kugwiritsa ntchito mapulogalamu otere pa makompyuta a pantchito, itazindikira kuti ena anaikamo zinsinsi za kampaniyo. Kuno tili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu la 2024, limene a MACRA amayang'anira. Ndaonapo munthu akuika mndandanda wonse wa malipiro, mayina ndi manambala a akaunti, kuti imukonzere tebulo. Chotsani mayina kaye, tebulo lidzatulukabe.

Koma chimene chimandidetsa nkhawa kuposa zonsezi ndinachiona pa ine mwini. Tsiku lina netiweki itavuta, ndinafuna kulemba kalata ya ndime ziwiri zokha kwa kasitomala, ndipo ndinakhala ndikuyang'ana pepala ngati mwana wa Sitandade 5 pa mayeso. Ndinali nditazolowera kuti chiganizo choyamba chimachokera kwina. Chikhalirecho kulemba n'kumene kumandiuza ngati nkhani ndaimvetsa kapena ayi. Ukamavutika kupeza mawu, nthawi zambiri ndiye kuti ganizo lenilenilo silinapse. Kuyambira pamenepo ndimalemba kaye ndekha, ngakhale zokhotakhota, kenako n'kuipempha kuti indisonyeze pamene mfundo zanga zafooka.

Mayi aja anagwira cholakwika cha matayala chifukwa anali mumsonkhanomo, ndiponso chifukwa makutu awo analemba maminitsi pamanja zaka 20. Mtsikana amene akumuphunzitsa ntchito pa ofesipo wayamba ndi makinawa kuchokera tsiku loyamba, ndipo akanangosindikiza n'kukapereka kwa abwana kuti asayine. Nditabwererako sabata yatha ndinapeza mayiwo akugwiritsabe ntchito pulogalamu ija, koma amugulira mtsikanayo kope lachikuto cholimba. Amalowa nalo mumsonkhano uliwonse, ndipo maminitsi satuluka mu ofesimo mpaka awiriwo atafananitsa ndime iliyonse ndi zimene zili m'kopemo.