Masomphenya a Yohane si mapu a kumwamba

Ndatopa nalo funso la anthu 144,000 otchulidwa m'buku la Chivumbulutso. Limandipeza pamaliro, pamisonkhano ya amayi, m'kalasi momwe ndimaphunzitsa ofuna ubusa, ngakhale m'minibasi munthu akangoona kolala pakhosi panga. "Abusa, kodi malo adakalipo kumwambako, kapena chiwerengero chija chidakwana kale?" Ena amafunsa mocheza, koma ambiri amakhala akunenetsa, usiku sagona nazo tulo. Chimene chimandipweteka n'chakuti yankho lili pa tsamba lomwelo, mavesi ochepa chabe kutsogolo, ndipo amene adawaopseza sadawawerengere.

Tsegulani Chivumbulutso 7. Pa vesi 4 Yohane sakuwaona anthu 144,000 aja, akungomva chiwerengero chawo chikutchulidwa, 12,000 fuko lililonse la Israele. Pa vesi 9 ndi pamene akuona, ndipo chimene akuona ndi khamu loti munthu sangathe kuliwerenga, la mitundu yonse, mafuko onse ndi zinenero zonse. Bwererani pa mutu 5 muone zomwezo. Mmodzi wa akulu akumuuza kuti asalire, poti Mkango wa fuko la Yuda wapambana. Yohane poyang'ana sakuona mkango ayi, akuona Mwanawankhosa wooneka ngati waphedwa. Palibe Mkhristu amene amati a Yesu alipo awiri, wina mkango wina nkhosa. Chimene khutu lamva ndi lonjezo lakale la kwa Israele, ndipo chimene diso laona ndi m'mene Mulungu walikwaniritsira. Nanga tikafika pa mutu 7 timaiwaliranji?

Ndikudziwa kuti ilipo mipingo imene imaphunzitsa kuti awa ndi magulu awiri osiyana, ndipo alipo akatswiri a Baibulo amene amagwirizana nazo. Sindikuwanyoza. Ngakhale zitakhala choncho, khamu losawerengekalo laimirira pamaso pa mpando wachifumu litavala zoyera, silili panja. Koma amene akufuna kuti 144,000 ikhale nambala ya kalembera atenge zonse, asasankhe zomukomera. Onsewo akhale Aisraele. Malinga ndi mutu 14 vesi 4, onsewo akhale amuna amene sadakhalepo ndi mkazi, ndiye kuti agogo anu aakazi amene adakuphunzitsani kupemphera mulibemo. Atiuzenso chifukwa chimene fuko la Dani likusowera pa mndandandawo, pamene Yosefe ndi mwana wake Manase alipo onse awiri. Nambalayi ndi 12 kuchulukitsa ndi 12, kenaka ndi 1,000: mafuko 12, atumwi 12, ndi chikwi choimira unyinji. Ikunena kuti anthu a Mulungu akwanira, palibe ndi mmodzi yemwe amene watayika m'njira. Mawu amene adalembedwa kuti alimbitse mtima anthu ozunzika, lero akuopsezera amayi amasiye.

Kuwerenga zizindikiro si chinthu chachilendo kwa ife. Onani chizindikiro cha boma la Malawi, chija chili pa pasipoti: mkango ndi nyalugwe zagwira chishango, zitaima pa phiri la Mulanje, nkhwazi ili pamwamba. Palibe amene amakwera Mulanje kukafuna mkango wogwira chishango, komanso palibe amene amati chizindikirocho n'chabodza. Timadziwa kuti chikuyankhula. Yohane naye sadatibisire zimenezi. Akutiuza yekha kuti zoikapo nyali 7 ndi mipingo 7 (1:20), kuti zofukiza ndi mapemphero a oyera mtima (5:8), kuti bafuta wonyezimira ndi ntchito zolungama (19:8), kuti mitu 7 ya chilombo ndi mapiri 7 (17:9), ndipo munthu aliyense wa nthawi imeneyo ankadziwa kuti mzinda wa pa mapiri 7 ndi Roma.

Pamene sadamasulire, n'chifukwa chakuti omwe ankamumvera adali oti Chipangano Chakale chidawalowa m'magazi. Zamoyo zinayi za pa mutu 4, mkango, ng'ombe, munthu ndi chiombankhanga, zikuchokera pa Ezekieli 1. Mapiko 6 ndi nyimbo yakuti woyera, woyera, woyera zikuchokera pa Yesaya 6. Koma taonani: kwa Ezekieli chamoyo chilichonse chili ndi nkhope zinayi ndi mapiko anayi, pamene kwa Yohane chilichonse chili ndi maonekedwe amodzi ndi mapiko 6. Akadakhala kuti onse awiri akujambula chithunzi cha malo amodzi, tikadati wina walakwitsa kuwerenga mapiko. Palibe walakwitsa. Onse akunena chinthu chimodzi, kuti chilengedwe chonse, cha kutchire, cha m'khola, cha m'mudzi ndi cha mumlengalenga, chimagwadira wokhala pampando uja. Munthu amene sadawerengepo Ezekieli, Danieli ndi Zekariya asathamangire kulalikira Chivumbulutso. Ophunzira anga ndimawauza zimenezi chaka ndi chaka.

Mpandowo ndiye mutu wa nkhani, ndipo ukutchulidwa koposa ka 40 m'bukuli. Yohane ali pa chilumba cha Patmo, ndipo Irenaeus, mtsogoleri wa mpingo wakale amene adalemba patapita zaka pafupifupi 90, akuti masomphenyawa adaoneka chakumapeto kwa ufumu wa Domitian, amene adalamulira Roma kuyambira 81 mpaka 96. Mipingo 7 imene akuilembera ili m'dziko limene lero ndi Turkey, m'mizinda momwe mfumu ya Roma inkapembedzedwa. Ku Pergamo kachisi wolemekeza mfumu Augustus adaloledwa kumangidwa kale m'chaka cha 29 Yesu asanabadwe, ndipo ndi ku Pergamo komweko kumene Antipa adaphedwa chifukwa cha chikhulupiriro (2:13). Wolemba mbiri Suetonius akuti Domitian ankafuna kutchedwa ambuye ndi mulungu. Ndiye akulu 24 a pa mutu 4 akamaponya zisoti zawo pansi ndi kutchula wokhala pampando kuti Ambuye ndi Mulungu wathu, Mkhristu wa ku Smurna, umodzi wa mizinda ija, wosauka ndi wonyozeka, sankawerenga mipando kuti adziwe kukula kwa chipinda. Ankamva kuti mwini dziko si Kaisara.

Za Yerusalemu watsopano ndinene mwachidule. M'litali, m'lifupi ndi msinkhu wake n'zofanana, mastadiya 12,000, omwe ndi makilomita pafupifupi 2,200, kuposa ulendo wa pabasi wochokera ku Lilongwe kukafika ku Johannesburg. Linga lake ndi mikono 144, mamita osafika 70. Mmisiri aliyense aona kuti iyi si pulani yomangira. M'Baibulo chipinda chofanana mbali zonse chotere ndi Malo Opatulikitsa a m'kachisi wa Solomo, mikono 20 mbali iliyonse (1 Mafumu 6:20), momwe ankalowamo mkulu wa ansembe yekha kamodzi pa chaka. Yohane akuti mzinda wonse wasanduka malo amenewo, n'chifukwa chake mulibe kachisi (21:22). Ndipo mngelo adati akumuonetsa mkwatibwi, n'kumuonetsa mzinda. Mzindawo ndi anthu. Komanso ukutsika kuchokera kumwamba kubwera kwa ife.

Ndikulemba zonsezi chifukwa cha amayi ena amene nkhani yawo siinditulukabe mumtima. Adali amasiye, a Mvano, oimba bwino, mu mpingo wina umene ndidatumikirako. Atayamba kutaya magazi adapita kuchipatala, ndipo adawapeza ndi khansa ya khomo la chiberekero idakali poyambira. Adawapatsa tsiku loti akawachite opaleshoni. Pakati pamenepo mnzawo adawatengera kwa munthu wina wodzitcha mneneri, amene ankati amatengedwa kupita kumwamba ndipo amayenda m'misewu yagolide. Iye adawauza kuti nyumba yawo waiona kumeneko, makoma adatha koma denga palibe, poti sadafese mbewu, ndiponso kuti kugonera mpeni wa dokotala n'kukayikira Mulungu. Amayiwo adali ndi malata amene adagula pang'onopang'ono ndi ndalama za mtedza, atawasanja kuseri kwa chitseko podikira kufolera nyumba yawo yeniyeni. Adawagulitsa, mbuzi nazo zidapita, ndalama n'kuika mu envulopu. Nkhaniyi idatulukira poyera patapita miyezi yambiri, atayamba kulephera kuyenda. Mwana wawo adandionetsa kabuku ka kuchipatala, tsiku la opaleshoni litalembedwa bwinobwino ndi bolopeni, litadutsa kalekale. Madokotala adati matenda afalikira, chotsala n'kuchepetsa ululu.

Ndili pambali pa mphasa yawo, adandigwira dzanja n'kufunsa motsitsa mawu: "Abusa, kodi denga lija lidatha?" Ndidawawerengera Chivumbulutso 21:6 ndi 22:17, pamene madzi a moyo akuperekedwa kwaulere. Adamvetsera, koma mantha amene munthu wadyetsedwa kwa miyezi satha ndi mavesi awiri. Malawi ndi limodzi mwa mayiko amene khansa imeneyi imapha amayi ambiri pa dziko lonse, chikhalirecho ikapezeka msanga imachizika. Amayi awa adali m'gulu la oti akadachira.

Ndiye ndikamva wina akusimba za maulendo ake a kumwamba, ndimamuika pafupi ndi Paulo. Pa 2 Akorinto 12 Paulo akunena za kukwatulidwa kufika kumwamba kwachitatu, nkhani ya zaka 14 zapitazo, ndipo akuinena mokakamizika, ngati ikukhudza munthu wina. Akuti kaya adali m'thupi kaya kunja kwa thupi sakudziwa, ndipo zimene adamva n'zosaloledwa kuzinena. Sadabwereko ndi uthenga wa nyumba ya munthu aliyense. Yohane atagwa pa mapazi a mngelo, mngeloyo adamukaniza kawiri konse (19:10 ndi 22:9), nati iye ndi kapolo mnzake. Ndipo m'buku lomweli, amene amachita malonda ndi miyoyo ya anthu ali ku Babulo (18:13), osati ku Yerusalemu watsopano.

Musati izi n'zazing'ono. Pa 17 Malichi 2000 ku Kanungu m'dziko la Uganda anthu mazanamazana adapsera m'tchalitchi cha gulu limene atsogoleri ake ankati amaona masomphenya ndipo dziko likutha, ndipo pamodzi ndi mitembo imene idapezeka m'maenje pambuyo pake, akufa adaposa 700. Mu 2023 ku nkhalango ya Shakahola ku Kenya adafukula mitembo yoposa 400, kuphatikizapo ya ana ochuluka, ya anthu amene adauzidwa kuti asale kudya mpaka akakumane ndi Yesu. Anthu amenewa sadali opusa. Adali okonda Mulungu, amene adapereka makutu awo kwa munthu mmodzi wonena kuti waona zimene ena sangaone, n'kusiya kufunsa.

Ngati m'bale wanu wayamba kunena kuti wauzidwa za nyumba yake kumwamba, za dzina lake kuti likufufutika m'buku la moyo, kapena za tsiku limene dziko lithere, musadikire kuti zimutha zokha. Funsani kaye ngati akumwabe mankhwala ake, kaya ndi ma ARV, a BP kapena a shuga. Tsegulani kabuku ka kuchipatala muone ngati pali tsiku limene waphonya, ndipo mumuperekeze sabata yomweyo, mapemphero muchitira m'njira. Onani ngati m'nyumba mwayamba kusowa katundu. Kenaka khalani naye pansi muwerenge mutu wonse umene mneneriyo watolamo vesi, kuyambira poyamba mpaka pomaliza, pamodzi ndi abusa kapena mkulu wa mpingo amene sakupemphani kanthu. Ndipo ngati pali ana amene akumanidwa chakudya kapena kuletsedwa kupita kuchipatala m'dzina la masomphenya, imeneyo si nkhani yokambirana m'banja, pitani kwa amfumu ndi kupolisi tsiku lomwelo.