Mafunso ndi mayankho: mtengo woyerekeza ndi malo a malonda anu pa Google

Amalonda a ku Ulongué, Moatize ndi mumzinda wa Tete amene akutsatsa malonda awo pa Google Ads, kumene munthu amalipira pokhapokha wina akadina uthenga wake, amafunsa kawirikawiri za mitengo imene imaoneka pambali pa mawu awo ofufuzira, amene ndi mawu omwe asankha kuti uthenga wawo uzioneka munthu akawalemba pofufuza.

Kodi mtengo woyerekeza ndi chiyani?

Ndi ndalama imene Google ikuganiza kuti mungafunike kuika pa kudina kumodzi kuti uthenga wanu ufike pamalo ena ake. Mitengoyi ilipo itatu: wofikira patsamba loyamba, wofikira pamwamba pa zotsatira za kufufuza, ndi wotengera malo oyamba enieni. Amaiwerengera poona ubwino wa uthenga wanu ndiponso mpikisano wa masiku apitawa, choncho ndi chitsogozo chabe, si lonjezo.

Ndikaika ndalama zambiri kuposa anzanga onse, kodi ndikhala pamwamba?

Osati nthawi zonse, ndipo apa ndi pamene ambiri amataya ndalama. Munthu aliyense akafufuza, pamachitika okushoni yatsopano, kutanthauza mpikisano wa otsatsa olimbirana malo, ndipo malo amagawidwa potsata chimene chimatchedwa Ad Rank. Chimenechi chimaphatikiza ndalama imene mwaika, ubwino wa uthenga ndi tsamba limene wodinayo akafikeko, malo amene wofufuzayo ali, chipangizo chimene akugwiritsa ntchito, komanso zowonjezera monga nambala ya foni. Tiyerekeze kuti mwini nyumba yogona alendo ku Ulongué walemba uthenga wotchula Ulongué ndi mtengo wa chipinda, ndipo tsamba lake limatseguka msanga pa foni ngakhale netiweki ili yofooka. Iyeyu angathe kupitirira mnzake amene waika ndalama zochuluka koma amatumiza anthu kutsamba lolemera, lopanda mitengo. Google imaonetsa Quality Score, nambala yoyeza ubwino umenewu kuyambira 1 mpaka 10, kuti muone pamene mukufooka, ndipo ine ndimalangiza kuti muyambe mwakonza pamenepo musanakweze mtengo.

Kodi ndalama imene ndaika ndiyo ndidzalipira?

Imeneyo ndi malire. Kawirikawiri mumalipira yocheperapo, yongokwanira kuti musunge malo anu pamwamba pa wokutsatirani.

Ndaika mtengo woyerekezawo, koma uthenga wanga sukuoneka. Chavuta n'chiyani?

Mwina ndalama ya tsikulo yatha msanga, kapena opikisana nanu akweza mitengo yawo. M'chigawo chathu palinso vuto lina: mawu ena amafufuzidwa ndi anthu ochepa kwambiri, moti Google imawaimitsa kaye mpaka ofufuza atachuluka. Kumbukiraninso kuti ogula ambiri a ku Tete ndi Beira amalemba m'Chipwitikizi pofufuza, kotero wogulitsa mbatatesi ya ku Tsangano amene waika mawu a Chichewa okha akhoza kuphonya amene akufuna matumba ambiri.

Ndingadziwe bwanji malo amene uthenga wanga ukuonekera?

Nambala imene Google inkaonetsa ya avereji ya malo a uthenga wanu inachotsedwa mu 2019. Tsopano muziyang'ana kuti mwa maulendo 100 alionse amene uthenga unaoneka, ndi kangati pamene unali pamwamba, ndi kangati pamene unali woyamba. Musadzifufuze nokha mobwerezabwereza. Gwiritsani ntchito chida cha Ad Preview, chimene chimakuonetsani zimene munthu wa ku Tete kapena ku Zóbuè akuona popanda kusokoneza ziwerengero zanu.